Chifukwa Chake Timaiwala Mankhwala Koma Sitiiwala Gemu

 

Ndiyambe ndi za kwathu. Zaka zingapo zapitazo ndinapita kuchipatala chifukwa cha mutu umene sunkamva panado, ndipo anandipeza ndi BP yokwera. Anandipatsa timapiritsi 30 m'kajumbo kakang'ono, n'kundiuza kuti ndizimwa kamodzi pa tsiku. Mwezi utatha ndinabwerera. Anesi anakhuthulira mapiritsi otsala patebulo n'kuyamba kuwawerenga ndi nsonga ya cholembera, akukankhira limodzilimodzi kumbali. Anakwana 11. Ndiye kuti masiku 11 athunthu ndinaiwala chinthu chosunga moyo wanga. Ndili m'minibasi pobwerera, ndinakumbukira chinthu china chimene chinandisowetsa mtendere. M'mwezi womwewo sindinagonepo usiku ndi umodzi womwe osasewera Candy Crush pafoni. Palibe amene ankandikumbutsa, palibenso amene anandiopseza kuti ndikaleka ndidwala.

Munthu ndi yemweyo, mutu ndi womwewo, manja ndi omwewo. Tikati ndinkaiwala mankhwala chifukwa cha ulesi kapena kusamva, nanga ulesiwo unkabisala kuti nthawi ya gemu ikakwana? Funso limeneli ndilo ndabwera nalo. Anthu opanga magemu akhala zaka zoposa 40 akuphunzira mmene munthu amabwererera ku chinthu chimodzimodzi tsiku ndi tsiku mwa kufuna kwake. Inu a zaumoyo mumafunanso zomwezo: kuti munthu amwe mankhwala mawa, mkuja ndi chaka chamawa, ayende, achepetse mchere, abwere pa tsiku limene mwamulembera. Ndiye tiyeni tisuzumire m'nyumba ya anzathuwa, tione chimene tingabwereke ndi chimene tiyenera kuchisiya komweko.

Chinthu choyamba chimene amadziwa ndi mayambidwe. Mu 1985 kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa gemu ya Super Mario Bros., imene anaikonza Shigeru Miyamoto ndi anzake. Mukangoiyatsa, kamunthu kandevu kamaima kumanzere kwa sikirini, kutsogolo kwake kuli pambalambanda. Palibe mawu okuuzani chochita, maso okha amaona kuti njira ili kumanja. Mukayenda pang'ono mumakumana ndi kachilombo kamodzi kokha, kakubwera mwachifatse. Kakakugundani mwafa, koma mumayambiranso chapafupi pomwepo, ndipo ulendo wachiwiri mumadumpha. Mphindi imodzi isanathe mwaphunzira kuyenda, kudumpha ndi kutola bowa wokukulitsani, ndipo mumtima mwayamba kumva kuti izi mungazithe. Maenje akuya ndi zilombo zolusa zilipo, koma anazisungira kutsogolo, miyendo ikalimba. Katswiri wa maganizo a anthu Mihaly Csikszentmihalyi anafotokoza m'buku lake la mu 1990 kuti munthu amamira mu ntchito, mpaka kuiwala nthawi, ntchitoyo ikalingana ndi luso lake. Ikaphweka kwambiri amatopa nayo, ikalimba kwambiri amaithawa.

Tsopano taganizani za bambo amene amupeza ndi matenda a shuga lero m'mawa. Asanatuluke m'chipinda wauzidwa kuti asiye shuga mu tiyi, achepetse nsima, asiye mowa ndi fodya, azithamanga, achepetse thupi. Malangizo onsewa ndi oona. Koma tamuponya munthu pa gawo lomaliza la gemu tsiku loyamba, ndipo akagwa timadabwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu, ndipo mchere usafike magalamu 5 pa tsiku, kumene kuli ngati kasupuni kamodzi ka tiyi. Kumeneko ndiko tikupita. Poyambira pake, kwa munthu amene amakhala pampando tsiku lonse, ndi kuyenda mphindi khumi akatha kudya chamadzulo. Kwa banja lokonda mchere, poyambira ndi kuchotsa kambale ka mchere kamene kamakhala pambali pa ndiwo. Zina zibwere mlungu wachitatu, munthu atalawako kupambana.

Chachiwiri ndi yankho lachangu. Ambiri a inu munagwirapo foni za Nokia zakale zija zokhala ndi gemu ya Snake. Kanjoka kakameza kadontho, nthawi yomweyo kamatalika ndipo nambala imakwera. Mu Tetris, gemu imene Alexey Pajitnov anapanga ku Moscow m'zaka za m'ma 1980, mzere wa njerwa ukangodzaza umasowa pamaso panu. Mwachita, mwaona. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo, ndipo ubongo wathu umayendera mwambi womwewo. Vuto la piritsi la BP n'lakuti ukameza sumva kalikonse. Mphoto yake ndi sitiroko imene sidzabwera zaka 20 zikudzazo, ndipo chinthu chimene sichinachitike munthu sachiona. Kachasu, fodya ndi zakumwa zotsekemera zimalipira lero lomwe. Moyo wathanzi umalipira mochedwa komanso mwakachetechete. Choncho ntchito yathu ndi kupeza kanthu kooneka ndi maso kamene munthu angalandire lero. Mukamuyeza BP munthu, muuzeni nambala yake, muonetseni ya mwezi watha m'buku lake la kuchipatala, aone yekha kuti yatsika. Khadi limene wodwala TB amachonga tsiku lililonse pa miyezi isanu ndi umodzi ya mankhwala limagwira ntchito yomweyo. Mabokosi akamadzaza, munthu amaona mtunda umene wayenda.

Chachitatu chili mkati mwa mutu. M'zaka za m'ma 1990, Wolfram Schultz, akugwira ntchito ku yunivesite ya Fribourg ku Switzerland, ankayeza timaselo ta muubongo wa anyani timene timatulutsa kemikolo yotchedwa dopamine. Nyani akalandira dontho la madzi a zipatso mosayembekezera, timaseloto tinkalumpha. Kenako anayamba kuyatsa kanyali madziwo asanabwere. Patapita nthawi, timaselo tija tinaleka kulumpha pa madzi n'kuyamba kulumpha pa kanyali. Ndipo kanyali kakayaka koma madzi osabwera, tinkazilala kuposa masiku onse. Tanthauzo lake n'lakuti chilakolako chimasamuka, chimachoka pa mphoto n'kukakhala pa chizindikiro. N'chifukwa chake foni ikangolira m'thumba dzanja limapita lokha. Opanga Candy Crush amakupatsani miyoyo isanu, ikatha mumadikira mphindi 30 kuti ubwerere umodzi. Akupangirani nthawi yokumana, ndipo amakuitanani ikakwana. Ine chizindikiro changa chinali bedi. Ndikangogona chagada, chala chinkadziwa kale kopita. Mapiritsi anga analibe chizindikiro chilichonse. Ankakhala m'thumba la jekete tsiku lina, m'dirowa tsiku lina, ndipo ndinkadalira kukumbukira kokha.

Wendy Wood, amene wafufuza za chizolowezi kwa zaka zambiri ku America, anapeza ndi anzake kuti pafupifupi zinthu zinayi mwa khumi zilizonse zimene timachita pa tsiku timazichita pamalo omwewo, mosaganizira n'komwe. Mayi akadzuka saganiza kuti asese pabwalo kapena ayi. Tsache lili pakhomo, kunja kwacha, thupi layamba kale. Chizolowezi chimamera pa malo ndi pa nthawi. Ndiye tikamauza munthu kuti "muzimwa kamodzi pa tsiku" tanena theka chabe. Theka linalo ndi kumufunsa kuti: kodi chimene simulephera kuchita m'mawa uliwonse n'chiyani? Kutsuka mkamwa? Kuteleka madzi a tiyi? Kutsegulira nkhuku? Mankhwalawo akhale pomwepo, amwedwe chinthucho chikangotha.

Ndifike pa chinthu chimene ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa zonse, ndicho mmene gemu imamulandirira munthu wolephera. Wosewera amafa kambirimbiri pa tsiku. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, ndinamuonerera tsiku lina akulimbana ndi gawo limodzi la gemu kwa ola lathunthu. Akagwa ankangopukuta manja pa kabudula, n'kuweramiranso. Ndinawerenga maulendo oposa 20. Sanachite manyazi, sanabise nkhope, chifukwa gemu sinamunene kuti ndi chitsiru. Inangomubwezera pamene anagwera, ndipo ulendo uliwonse ankadziwa kanthu kena kamene sankadziwa poyamba. Mnyamata yemweyu akalakwa samu imodzi m'kalasi amatseka kope.

Tiyerekeze ndi mayi amene wadumphitsa tsiku lokatenga ma ARV chifukwa kunali maliro, kapena ndalama yoyendera inasowa. Akudziwa kuti dzina lake lalembedwa pa gulu la madifota. Akuopa kuti akafika amukalipira pamzere anthu akumva. Mlungu umodzi umasanduka mwezi, mwezi umasanduka chaka, ndipo chimene chamutsekereza kunyumba ndi manyazi. Ndikudziwa kuti anamwino athu amagwira ntchito yolemetsa, mmodzi kuona anthu mazana pa tsiku, ndipo mtima umatha. Sindikuloza munthu chala. Ndikungopempha kuti tione mtengo wa mawu oyamba amene wobwerera amamva.

Sayansi ili kumbali ya chifundo pankhaniyi. Phillippa Lally ndi anzake ku University College London anatsatira anthu 96 kwa milungu 12. Aliyense anasankha chinthu chimodzi chatsopano chochita tsiku lililonse, monga kudya chipatso pa chakudya chamasana kapena kuyenda akatha kudya cham'mawa. Zotsatira zake zinatuluka mu 2009. Kwa munthu wapakatikati, chinthucho chinatenga masiku 66 kuti chizingochitika chokha, ngakhale ena anafulumira ndi masiku 18 ndipo ena zinaoneka kuti zikanawatengera masiku 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikugwetsa chimene munthu wamanga. Opanga pulogalamu yophunzitsa zilankhulo ya Duolingo amadziwa zimenezi. Amawerenga masiku amene mwaphunzira mondondozana, koma anaikamo njira yoti tsiku limodzi lophonya lisakufufutireni zonse, chifukwa munthu akaona nambala yake yabwerera pa ziro amanyanyala. Ndisamveke molakwa: mankhwala a HIV, a TB ndi a BP amafuna kumwedwa tsiku lililonse, ndipo kudumphitsa kuli ndi ngozi yake. Chifukwa cha ngozi yomweyo, wodumphitsa afunika kubwerera msanga, ndipo khomo lobwererapo likhale lotsegula.

Tsopano za chimene tiyenera kusiya komweko. B. F. Skinner wa ku Harvard ankaika nkhunda m'bokosi mmene inkajompha kabatani kuti ilandire chakudya. Anaona kuti nkhunda yosadziwa kuti chakudya chigwa pa kujompha kwachingati inkajompha mosapuma, ndipo inkapitirizabe nthawi yaitali ngakhale chakudya chitaleka kubwera. Mphoto yosadziwika nthawi yake imagwira kuposa yodziwika. Juga yonse yaima pamenepa, ndipo magemu ena anatengera. Amagulitsa timabokosi timene wosewera amalipira asakudziwa chili mkati. Mu 2018 dziko la Belgium linagamula kuti timabokosi totere togula ndi ndalama ndi juga. Mu 2019 mayiko a m'bungwe la WHO anavomereza kuti kusewera magemu kosadziletsa kulembedwe m'ndandanda wa matenda, pamene munthu walephera kudzigwira, waika gemu patsogolo pa zonse, ndipo akupitiriza ngakhale moyo wake ukuonongeka. Amene amafika pamenepo ndi ochepa mwa osewera onse, koma alipo. Mu 2021 dziko la China linalamula kuti ana azisewera magemu a pa intaneti ola limodzi lokha Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu, ndi pa masiku a tchuthi. Kuno kwathu simufunika kuuzidwa za kandege ka juga kamene kakudya malipiro a anthu pafoni. Kamauluka pa mapiko a nkhunda ya Skinner. Muyeso wa njira iliyonse imene tingabwereke ndi uwu: munthu akadziwa bwinobwino mmene njira yathu ikumukokera, kodi angavomere? Ngati tiyenera kumubisira kuti igwire ntchito, imeneyo ndi mbedza, ndipo tisaigwiritse ntchito ngakhale cholinga chikhale chabwino.

Mwina mukufunsa ngati zimenezi zinayesedwapo pa odwala enieni. Zinayesedwa. Bungwe la HopeLab ku America linapanga gemu yotchedwa Re-Mission ya achinyamata odwala khansa. Wosewera amayendetsa kamakina kakang'ono m'thupi la wodwala, n'kumawombera maselo a khansa ndi mankhwala. Pa kafukufuku wa odwala 375 amene anatuluka mu 2008, amene anasewera gemuyi ankamwa mankhwala awo mokhulupirika kuposa anzawo. Mnyamata amene waona ndi maso ake zimene zimachitika m'magazi akadumphitsa piritsi amalimvetsa piritsilo mwanjira ina.

Koma palinso phunziro lodzichepetsa. Mu July 2016 kunatuluka Pokémon Go, gemu yofuna kuti munthu ayende m'misewu ndi foni kusaka tizilombo tongopeka. Anthu mamiliyoni anatuluka m'nyumba. Ofufuza a ku Harvard anawerenga mayendedwe a osewera ku America, ndipo anapeza kuti mlungu woyamba ankaonjezera masitepe 955 pa tsiku. Pofika mlungu wachisanu ndi chimodzi, kuonjezerako kunali kutatha. Taikani nambala ziwirizi pamodzi, ngakhale zachokera kwa anthu osiyana: chidwi cha gemu chinazima pasanathe masiku 42, pamene chizolowezi chimafuna masiku ngati 66. Chatsopano chimakoma kanthawi. Gemu ili ngati mitengo imene amisiri amachirikizira lintala simenti ili yaiwisi. Mitengoyo idzachotsedwa, ndipo funso n'lakuti simenti idzakhala itagwira kapena ayi.

Mphoto nazonso zili ndi msampha wake. Mu 1973 Mark Lepper ndi anzake ku Stanford anatenga ana a mkaka okonda kujambula. Ena anawalonjeza satifiketi akajambula, ena sanawalonjeze kanthu. Patapita masiku, ana olonjezedwa aja ankajambula mochepa pa nthawi yawo yosewera. Chimene ankachita mwa chikondi chinasanduka ganyu. Tonse tinaonapo gulu la m'mudzi limene linkasonkhana bwinobwino, kenako kunabwera alawansi, ndipo alawansi itatha gululo linatha nayo. Mapointi ndi mabaji akhale oonetsa munthu kuti akukula, asalowe m'malo mwa chifukwa chenicheni chimene iye akufunira moyo.

Nanga chimene chimakhalitsa n'chiyani? Anthu. Mitesh Patel, amene panthawiyo anali ku yunivesite ya Pennsylvania, ndi anzake anayesa gemu ya mabanja ku Framingham ku America, zotsatira zake n'kutuluka mu 2017. Aliyense anadzisankhira yekha mlingo wa masitepe. Banja linkalandira mapointi 70 Lolemba lililonse, ndipo tsiku lililonse ankasankha mwamaere munthu mmodzi woimira banjalo. Iyeyo akalephera mlingo wake, banja lonse linkataya mapointi khumi. Lolemba lotsatira ankayambanso ndi 70. Mabanja osewerawo anayenda kuposa anzawo, ndipo gemu itatha kusiyanako kunachepa koma sikunatheretu. Taonani nzeru zake: mlingo wodzisankhira, kuyambiranso mlungu uliwonse, ndi kusafuna kukhumudwitsa abale. Ife zimenezi si zachilendo. Mayi wa banki mkhonde salephera kuponya sheya yake pa tsiku la msonkhano, chifukwa anzake akumudikira pansi pa mtengo ndipo buku likuonetsa ndalama zikukwera. Ma Teen Club a m'zipatala zathu, kumene achinyamata amene ali ndi HIV amakumana Loweruka, kusewera, kucheza ndi kulandira mankhwala, aima pa mfundo yomweyo. Sitifunika foni yodula kuti tichite zimenezi. Kalendala, cholembera ndi mnzako wokugogodera pakhomo m'mamawa n'zokwanira.

Ine ndinachita motere. Kajumbo ka mapiritsi ndinakaika m'chitini cha masamba a tiyi, moti sindingapange tiyi osakakhudza. Kalendala ndinaipachika pamwamba pa chitinicho, cholembera chili lende pa ulusi. Ndikameza ndimachonga. Mayi akunyumba ankayang'ana kalendalayo Lamulungu madzulo, ndipo pakakhala mpata sankandinyoza, ankangofunsa kuti tsiku limenelo kunali chiyani. Tinapeza kuti ndinkaphonya masiku a ulendo, ndiye tinasunga mapiritsi awiri m'chikwama choyendera. Miyezi itatu itatha ndinaleka kuchonga, chifukwa dzanja linali litadziwa njira. Mitengo inachoka, simenti inali itagwira.

Ndikubwezereni patebulo paja, pamene anesi ankawerenga mapiritsi anga. Atafika pa 11 ndinazolika mutu, kudikira mawu amene ndinkadziwa kuti ndiyenera kumva. Iwo anasonkhanitsa mapiritsiwo ndi m'mphepete mwa dzanja n'kunena kuti, "Bambo, ndiye kuti mwamwa masiku 19. Mwezi watha simunkamwa n'komwe. Tiyeni tione ngati mwezi uno tingafike 25. Mumamwa nthawi yanji?" Sanandinamize kuti zili bwino, anandiuza poyera kuopsa kwa BP yosasamalidwa. Koma anawerenga zimene ndinachita, anandipatsa gawo lotsatira loti ndingalifike, ndipo anandifunsa za nthawi. Sindikhulupirira kuti mayi amene uja anagwirapo gemu, koma zonse zimene ndalankhula madzulo ano anazichita pa mphindi imodzi. Ndinabwerera mwezi wotsatira chifukwa ndinkafuna kuwaonetsa nambala yanga.

Mawa m'mawa kudzabwera munthu patebulo panu, kapena m'kalasi mwanu, kapena pakhomo panu, atagwira kajumbo kake kali ndi mapiritsi otsala, mutu atazolika. Muyambe ndi kuwerenga amene wamwa.